Zikachotsedwa Zonse, Zitsala Zingati?

Najma, Doha
Lachisanu masana

Asiyatu mwanangu,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira wadzuka bwino, iwe ndi agogo ako kumeneko ku Ntaja. Ine ndilipo, bondo lija likadali ndi mwano wake koma likuyenda. Lero ndi tsiku langa la off, ndiye ndathawa ku Al Hilal ndabwera kuno ku Najma kwa anzanga Abiti Juma, chifukwa kunyumba kwa madamu munthu sungalembe mizere itatu asanakuitane. Ndakhala pabedi pawo, pepala ndaliika pa thireyi ya tiyi. Ndikamaliza ndijambula masamba onse ndi foni ndikutumizire, kuti uwerenge usanakwere minibasi ya ku Blantyre mawa. Ndikudziwa uziti, amayiwa bwanji osangotumiza voisi ngati masiku onse? Voisi umaimva kamodzi n'kuifufuta foni ikadzaza. Izi ndikufuna uzisunge.

Ndiyambe ndi chimene pafoni chimandikanika, chifukwa ndikangochiyamba iwe umandiseka. Wandinyaditsa, Asiyatu. Sindikunena za kukhoza mayeso kokha ayi, ngakhale kuti munalemba movutikira, sukulu zitatsekedwa miyezi yonse ija chifukwa cha korona. Okhoza ndi ambiri. Ine ndikunena za zimene unachita makalata awiri aja atafika. Mwana wa msinkhu wako akamva kuti makoleji awiri akumufuna amathamangira kwa telala kukasoketsa diresi. Iwe unakhala pansi n'kufunsa kuti, atatithandiza kale, sukuluyi itidyerabe zingati, ndipo mayi anga akhala kunja zaka zinanso zingati kuti azilipire? Kalata yonseyi nkhani yake ndi imeneyo.

Ndikuuze mmene zinayendera mbali ya kuno, poti iwe sunaione. Kalata ya koleji ya ku Lilongwe ija, ya nyumba zamagalasi pachithunzi, inati akulipirira magawo atatu mwa anayi a fizi. Ya ku Blantyre inati theka lokha. Utanditumizira ndinali kukhitchini ndikusenda anyezi. Ndinasiya mpeni, ndinavina ndekhandekha pakati pa firiji ndi sinki, mpaka madamu anasuzumira n'kufunsa kuti, "Amina, esh fi?" ndiye kuti kwagwanji. Nditawauza anandikumbatira, mabruk, mabruk, kusangalala nane m'Chiarabu chawo, n'kundipatsa bokosi lonse la zipatso za tende. Lachisanu lake ndinabwera kuno ku Najma ndikuyenda ngati ndagula ndege. Aliyense wa kwathu amene ndinakumana naye anaimva nkhaniyi, ngakhale bambo wa pa exchange pomwe timatumizira ndalama, amene si Mmalawi n'komwe ndipo Lilongwe sadziwa kuti ili mbali iti. Mwana wa Amina akupita ku sukulu yaulere, ndinkatero. Ya ku Blantyre sindinaitchule ngakhale kamodzi, chifukwa ndinkaona kuti theka si kanthu pamaso pa magawo atatu.

Ukudziwa chimene chinandisokoneza? Ndi Doha yomweyi. Munthu ukakhalitsa kuno mutu umazolowera kontirakiti ya m'nyumba za anthu. Akati akulemba ntchito, ndiye kuti pogona mpabwana, chakudya n'chabwana, sopo, yunifomu, dokotala, galimoto yokufikitsa kumsika, zonse n'zabwana. Ndalama imene yalembedwa papepala ndi yomweyo umaigwira m'manja. Ndiye ine nditamva zoti koleji yakutenga ndipo ikulipirira, ndinaiona ngati madamu wina wa ku Lilongwe: akupatsa chipinda, azikudyetsa, ife tingowonjezera kagawo kamodzi kotsalako basi. Ndinafika mpaka powauza madamu kuti kontirakiti iyi ikatha, khalas, ndiye kuti basi, ndikupita kwathu. Sutikesi ndinaitsitsa pamwamba pa kabati n'kuipukuta fumbi.

Iwe pafoni unangoti, "Amayi, dikirani kaye musanavine kwambiri, mundipatse masabata awiri." Ndinakhumudwa, ndisakunamize. Mumtima ndinati mwana uyu anatengera malemu bambo ake, munthu woti ukamuuza nkhani yabwino amayamba wafunsa kuti wakuuza ndani. Koma masabata awiriwo sunangokhala. Unasaka manambala a atsikana omwe ali kale m'makoleji onse awiri, n'kumawaimbira ndi kabandulo kako kochepako, osawafunsa kuti kumeneko n'kokongola bwanji koma kuti mwezi ukamatha m'thumba mwatuluka zingati. Unabwera ndi zinthu zimene m'makalata aja munalibe. Unati basale ya ku Lilongwe ndi ya fizi yokha, hositelo ndi chakudya n'zako, ndipo hositelo ya kumeneko payokha yangotsala pang'ono kufanana ndi fizi yonse ya ku Blantyre. Unati kagawo kamodzi ka fizi yaikulu n'kakakulu kuposa theka la fizi yaing'ono. Unati basaleyo amaiwerengera pa fizi ya chaka choyamba, fizi ikadzakwera iyo sikwera nayo. Wophunzira unamwino amagula yekha yunifomu, nsapato zoyera ndi kawotchi ka pachifuwa, ndipo nthawi ya mapulakitiko akamutumiza kuchipatala cha boma lina, kumeneko amachitanso lendi kwinaku hositelo akulipirabe. Za laputopu ndi bandulo, poti masiku ano korona ikangokwera aphunzitsi amathawira pa intaneti, ine ndinali ndisanaziganizeko n'komwe. Ndinkamvetsera nditakhala pa chidebe chochapira, mutu utaima.

Tsono malangizo anga ndi ochepa, ndipo ambiri ndikungokubwezera zimene wandiphunzitsa wekha. Nambala yaikulu isamakuthamangitse magazi, mwanangu. Ine ndinabwera kuno chifukwa cha nambala. Ajenti wa ku Limbe anatchula malipiro m'mariyali, ine n'kuwasandutsa makwacha pa foni yobwereka, pomwepo ndinaona nyumba ya malata itaima kale pa Ntaja, ya khonde la simenti yofiira. Sindinafunse kuti pasipoti, kuyezetsa kuchipatala, maulendo a ku Lilongwe ndi kenakake ka ajentiyo zidya zingati. Sindinafunse kuti pa exchange amadulapo zingati, kaya kuti ndalama ikafika kumudzi imayamba yakumana ndi feteleza, maliro ndi mankhwala a agogo ako isanaone njerwa. Nyumba ija inaima, inde, koma mochedwa, ndipo khonde mpaka lero agogo ako amazira ndi dothi. Sindidandaula kuti ndinabwera. Ndikungoti ndikadafunsa funso lako lija, ndikadanyamuka ndikudziwa kuti ndikusiya mwana wa Fomu 1 amene ndidzamupeze atakula.

Funso limenelo ukukumbuka kumene unalitola? Unachita kundikumbutsa wekha, ine mwini wake nditaiwala. Lamulo la kuno litasintha, kuti munthu ukhoza kusiya ntchito n'kukayamba kwina popanda kugwadira bwana kuti akupatse kalata yachilolezo ija timati NOC, tonse tinapenga. Pa gulu lathu la pafoni panalibe nkhani ina. Abiti Juma anali oyamba kudumpha, anasiya nyumba ya ku Al Hilal n'kukalowa kochapa zovala ku hotela ina ya ku Al Sadd. Malipiro ake nditawamva ndinachita kufunsanso kawiri. Nanenso ndinakafunsa malo, anandilandira, ndinangotsala kusaina. Ndiye Abiti anandikokera m'chipinda chino chimene ndakhalamo lero. Muli mabedi osanjikiza, azimayi thoo, aliyense nyumba yake ndi katani yotchinga bedi lake. Anati, "Amina, nambala ija aphatikizamo ndalama ya nyumba ndi ya chakudya. Bedi ili ndimalipira. Gasi, mpunga, madzi akumwa, khadi ya basi, ndimalipira. Usafunse kuti akupatsa zingati. Funsa kuti zikachotsedwa zonse, zitsala zingati?" Titawerengetsa, zotsala m'manja mwawo zinali zochepa kuposa zanga za kwa madamu. Iwo sadandaula, amati anagula kiyi wa chitseko chawo ndi madzulo awoawo, ndipo ndimawamvetsa, ana awo ndi akuluakulu. Koma ine ndinali ndi iwe wa Fomu 4. Sindinasaine. Ndinangopita kwa madamu n'kuwauza mwaulemu kuti kwina akundifuna, iwo n'kundikwezerako pang'ono, zimene kale sakadaziganiza n'komwe. Nkhani imeneyi ndinakutumizira pa voisi ngati macheza chabe, ndikuseka za makatani. Iwe unaisunga m'mutu. Lero wandibwezera funso lomwelo pa makoleji, ine n'kumalimvetsera ngati ndikulimva koyamba.

Chinanso, chinthu akati n'chaulere, uzichizungulira kaye uone kumbuyo kwake. Ukukumbuka ulendo umodzi wokha uja ndinabwera ku tchuthi, utangolowa Fomu 3? Tikiti inali yaulere, madamu ndiwo anagula monga mwa kontirakiti. Ndinanyamuka ndikuti ulendo wopanda mtengo. Koma munthu wochokera kwa Aluya safika pamudzi chimanjamanja. Madiresi aatali aja timati maabaya a azakhali ako, mafuta onunkhira a uyu, foni ya uyo, mkeka woswalira wa amalume ako, sutikesi inalemera mpaka pabwalo la ndege anandilipiritsa. Nditafika, aliyense wobwera kudzandilonjera anali atanyamula vuto lake, ndipo ine ndinalibe mtima wowabweza. Mwezi umodzi unadya zimene ndinasunga chaka chathunthu. Ndinabwerera kuno sutikesi ikupepuka, muli chiponde ndi usipa basi. Usaiwale nkhani ya tikiti imeneyi, ndiibwereranso kumapetoku.

Kwa mayi ako aang'ono a Hawa ku Bangwe ukagona ulere, ndipo m'masamu ako chimenechi n'chimene chinapangitsa Blantyre kupambana. Koma usaiwale kuti ulere umenewo pali amene akuulipira. Makala ndi awo, magetsi ndi awo, ndipo pamene uzikagonapo pachoka mwana wawo. Ine ndizitumiza ya sopo ndi shuga mwezi ndi mwezi, tinagwirizana kale, koma zina ndalama sizilipira. Uzidzuka usanadzutsidwe, mbale zakuda usazidutse ngati sunazione, ukachedwa kusukulu uziimba foni. Mng'ono wanga uja ndi wapakamwa, ukumudziwa, akakukalipira ungomeza, mawa lake amakhala ataiwala ndipo ndiye woyamba kukusungira ndiwo. Palinso ulere wina wa azibambo a magalimoto omwe amaima pageti ya koleji, wa lifiti, wa bandulo, wa chipisi ndi nkhuku. Pamenepo sindichulutsa mawu, ndiwe katswiri wa masamu. Ungofunsa funso lako lija, kuti zikachotsedwa zonse, iweyo utsala ndi chiyani.

Powerengetsa uzisiya mpata wa tsoka. Korona itafika kuno anatitsekera m'nyumba, ngakhale ku Najma kuno sindinkapondako. Bizinesi ya abwana inaima, malipiro anga anachedwa. Anadzandipatsa onse, si anthu oipa, koma pa nthawi imeneyo ine ndinalibe kalikonse pambali, chifukwa ndinkatumiza zonse tsiku lomwelo ndalandira n'kumadzitama kuti ndine mayi wabwino. Agogo ako anagulitsa mbuzi zawo pamtengo wozizira, ukukumbuka mmene anadandaulira ndi yamawanga ija. Ndiye utandiuza kuti m'masamu ako waikamo teremu imodzi yapadera, kuchitira kuti mwina sukulu zingatsekedwenso chaka n'kutalika, ndinakumbukira mbuzi zija. Unaikamonso zoti kwacha imagwa, zinthu zizikwera chaka ndi chaka, ndiye unawerengetsa m'mariyali, ndalama imene sunaigwirepo m'manja chibadwire. Ine ndaigwira zaka zonsezi koma nzeru imeneyo sinandifikire. Mpata umenewo usaudye, Asiyatu. Anzako akadzagula nsapato za fasho, iwe uzikumbuka mbuzi za agogo.

Unanenanso wekha kuti basale ya theka ija amaiunikanso chaka chilichonse, ukalephera phunziro limodzi amailanda. Ndiye mabukuwo ndiyo ntchito yako, monga mopu ndi mapoto zilili kwa ine. Ukadwala uzinena msanga, phunziro likakukanika uzifunsa lisanakugwetse, usamadikire mayeso kuti akuululire. Pepala lililonse akakupatsa kuti saina apa, kaya ndi la loni kaya ndi la chiyani, uwerenge mpaka timalemba ta pansi. Usachite manyazi kuchedwetsa mzere. Ine kontirakiti yanga yoyamba ndinasaina ili m'Chiarabu ndi Chizungu, ndikumwetulira ngati akundijambula, ndipo ndi mwayi chabe kuti ndinagwera m'nyumba ya anthu oopa Mulungu.

Tsopano ndifike pa tsiku lija tinakangana, chifukwa ndinadula foni ndisanakuyankhe bwino. Utamaliza kundiwerengera zonse unati, "Amayi, ndasandutsa zonsezi kukhala zaka zanu. Ku Lilongwe ndi digiri ya zaka zinayi, mukhala kumeneko makontirakiti ena awiri, mwinanso ndi kachidutswa. Ku Blantyre ndi dipuloma ya zaka zitatu, mukasaina kamodzi kokha, n'kuphatikiza ndalama ija amapereka ntchito ikatha, zikwana mpaka ndimalize. Ndasankha Blantyre." Ine ndinapsa mtima. Ndinati wandichititsa manyazi kwa anthu onse ndinawauza aja. Ndinati zaka zinayi n'chiyani, ndapirira kale zoposa pamenepo, msana ndi wanga, wakutuma ndani kundimvera chisoni? Iwe sunakweze mawu. Unati, "Digiri ndidzaipeza ndikadzayamba ntchito, siithawa. Koma inu munachoka ndili Fomu 1, bondo likukupwetekani, agogo akukalamba. Zaka ziwiri zinazo zilinso pa mtengo wa sukuluyo, Amayi, kungoti m'kalata sanazilembe." Apo ndi pamene ndinadula. Sikuti ndinali nditakwiyabe ayi. Ndinalira, ndipo sindinafune kuti undimve. Pa anthu onse amene ndawatumizira ndalama kuchokera kuno, palibe ndi mmodzi yemwe amene anawerengapo zaka zanga ngati chinthu cha mtengo. Nanenso ndinali nditasiya kuziwerenga.

Lachisanu linalo ndinabwerera kwa onse aja, mmodzimmodzi, kukawauza kuti mwana wanga waikana sukulu ya magalasi. Ndinkaganiza kuti ndichita manyazi, koma ndinapezeka ndikudzitama kuposa poyamba. Ena anapukusa mutu, amati ana a masiku ano sadziwa mwayi. Abiti Juma anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kunena kuti, "Mwanayo mutibwereke atiwerengetsere ifenso, mwina tingadziwe tsiku lobwerera." Moti pali mayi wina wa ku Balaka, mwana wake alemba chaka chino, akufuna nambala yako. Ndawauza kuti adikire uyambe wakhazikika. Ndikukuuza zimenezi kuti tsiku lina anzako a ku Lilongwe akadzaika zithunzi pafoni ataima pamagalasi paja, kamtima kakadzakupweteka, usadzadzione ngati unagwera pansi. Kadzapweteka ndithu, ndiwe munthu. Koma sukulu yakoyo sanachite kukusiyira, unasankha maso ali tseguka. Uyende mutu uli m'mwamba, mpango wako pamutu, swala zako usazitaye chifukwa cha kutanganidwa, ndipo anzako usankhe amene sangakuseke ukatulutsa foni yakale.

Koma katswiri iwe, pali pamodzi pamene unandibera masamu, ndipo ndinakugwira. Za fizi ndi mabasale undipose, koma za chakudya ayi, ine ndimaphikira nyumba yonse tsiku ndi tsiku. Utatchula ndalama ya chakudya ya pamwezi ndinaona kuti ndi yochepa kwambiri, yosakwana ngakhale mwana wa mphaka. Nditakufunsa unayankha ngati nkhani yaing'ono. Unati, "M'mawa ndizidya kwa mayi aang'ono, madzulo ndizidya ndikabwerako. Masana ndizimwa madzi, anthu amatero. Ndipo masiku ena ndiziyenda wapansi." Ndiye kuti zaka ziwiri zija zinakwana chifukwa unachotsamo nkhomaliro yako ndi miyendo yako. Iwe Asiyatu, iwe. Ine ndimadziwa kuti kuima tsiku lonse m'mimba mulibe kanthu n'chiyani. Mwezi wa Ramadhani timapirira chifukwa ndi wa Mulungu ndipo umatha. Zako zikadakhala zaka zitatu, uku ukunyamula odwala, uku ukuloweza mayina a mankhwala. Njala imeneyo ikadakugwetsa phunziro, basale n'kupita, masamu ako onse okongola aja n'kugwa nawo. Ndinabwezeramo nkhomaliro ndi minibasi, n'kuwerengetsanso. Zinakana, zaka ziwiri zinasefukira.

Wakhala ukundifunsa chifukwa chake sindikubwera kudzakuperekeza, poti kontirakiti yatha ndipo tikiti ya tchuthi ndi ufulu wanga. Ndinati ndikuyankha m'kalata, ndiye yankho ndi ili. Kuno kuli chizolowezi chakuti ngati supita ku tchuthi, bwana akhoza kukupatsa ndalama ya tikitiyo m'manja, pamodzi ndi ya mwezi wa tchuthiwo. Ndinachita masamu ngati ako. Ndikabwera, tikiti ndi yaulere, koma sutikesi ya mphatso, olonjera aja, kuyezetsa korona uku ndi uko, ndi hotela imene amakutsekeramo pobwerera, zonsezo zituluka m'thumba mwanga. Ndikapanda kubwera, zonsezo zitsala, n'kuwonjezerapo ya tikiti. Tinawerengetsa ndi Abiti pabedi pompano, n'kubwerezanso kuopa kuti ndikudzinamiza. Ikukwana nkhomaliro yako ndi minibasi mpaka umalize, ndipo patsala ya nsapato zoyera zosinthira.

Sindikunamiza kuti zinali zophweka. Ndinkafuna ndikuluke tsitsi ndekha lero, ndikupindire zovala ukundiletsa, ndikuone ndi maso angawa ukukwera minibasi pa Ntaja. Ndakusowa, mwanangu, moti nthawi zina ndikamasita mayunifomu a ana a madamu ndimayeza ndi dzanja kuti iwe panopa uyenera kuti ukundifika apa. Sutikesi ija ndinaipukuta fumbi ndaibwezera pamwamba pa kabati. Lolemba madamu anabweretsa pepala la kontirakiti yatsopano. Ndinaliwerenga lonse, mpaka timalemba ta pansi, iwo akugwedeza mwendo kuti yalla, Amina, yalla, fulumira. Anati bwanji osangowalonjeza zaka zinayi, ana awo anandizolowera. Ndinati ziwiri, khalas, mwana wanga anawerengetsa kale.

Ndiye mawa ukamakwera usamacheukire kumsewu kuti mwina amayi achita kundidzidzimutsa. Sindibwera. Ndidzabwera zaka ziwirizi zikatha, inshallah, ndipo kuno sindidzabwererakonso. Zimenezo wandigulira ndiwe, ndi digiri yako imene waiimika kaye. Uwapsompsone agogo ako m'malo mwanga, ndipo ukafika ku Bangwe undiimbire ngakhale kamodzi kokha n'kudula, ndidziwa kuti wafika.

Koma mvetsa bwino apa, Asiyatu. Ndalama ya nkhomaliroyo ndizitumiza payokha. Usaisunge, usagulire buku, usadzandidabwitse nayo pomaliza kuti Amayi taonani ndinasunga. Ndikukudziwa iwe. Nthawi ya masana ikakwana pita ukagule mpunga wa nyemba, ukhale pansi pakati pa anzako, udye. Imeneyo ndi tikiti yanga, mwanangu. Usasiyeko m'mbale.

Ndine mayi ako,
Amina